Kiyi wa Galimoto Ali M'dzira Lobiriwira

Mpraeso, 14 Meyi

Okondedwa achimwene a Twumasi,

Ndikhulupirira kuti ku Toronto kuzizira kwachepako. Kuno mvula yayamba, ndipo tonse tilipo.

Mazira apulasitiki munatumizira ana pa Isitala aja anafika. Maswiti anali m'katimo anatha tsiku lomwelo, koma mazirawo sindinataye. Ena ndaikamo singano ndi mabatani, ena anatenga bambo, akusungiramo mabawuti ndi mafyuzi a galimoto yawo.

Galimotoyo ikulirabe. M'mawa uliwonse ndimailiza pang'ono kuti batire isathe mphamvu, ndimaona oyilo ndi madzi, Loweruka ndimapopa matayala, monga anatiphunzitsira eni ake. Mukukumbuka mmene ankakukokerani khutu mukaiwala kupukuta kachitsulo koyezera oyilo?

Lachiwiri ndinawapeza atatsegula boneti, akuthira madzi pothirira oyilo. Ndinati, "Bambo, mukutani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi inu, musandiphunzitse ntchito. Ndayendetsa pamsewu wa ku Kumasi zaka makumi atatu." Akuti mayi inu, achimwene, kunena ine mwana wawo.

A Ansong amakaniko anabwera kudzakhetsa zonse m'injinimo. Kiyi ndamubisa m'dzira lobiriwira, pamwamba pa kabati. Tsiku lililonse bambo amatsegula mazira awo limodzilimodzi kumufunafuna, akuti akufuna akakutengeni ku bwalo la ndege.

Dzina lanu akulitchulabe bwinobwino. Koma Khirisimasi munanena kuti mudzabwera ija, achimwene, ili kutali.

Ndine mlongo wanu,
Oforiwaa