Udzakuliramo

Songani,
Domasi.
14 Febuluwale, 1989.

Okondedwa achemwali Lukiya,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Mzuzuko. Kuno mvula ikugwa mokwanira, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kuwalola kupita kumunda. Ine ndabwerako ku koleji kudzawaona, koma ndikuyenda njira ya kuseri kwa msika, chifukwa ya kumsewu imadutsa pakhomo pa amalume Che Maulidi.

Mukudziwa kuti ofesi ya bungwe la alimi, kumene amalume akhala akusunga mafayilo chiyambire tisanabadwe, inalandira kompyuta chaka chatha. Mwezi wathawu mphenzi inatentha bokosi limene limagawa mphamvu ya magetsi m'kati mwake. Amanijala, a Eneya, anandiitana ku msonkhano wa komiti, poti ndine amene ndikuphunzira zimenezi. Amalume ndiwo anandiperekeza, akuuza aliyense panjira kuti, "Mphwangayu lero akukalangiza akuluakulu."

Panali mabokosi awiri oti tisankhepo. Laling'ono, la mphamvu ya mawati 65, likanangobwezera kompyuta mmene inalili. Lalikulu, la mawati 150, likanatha kuyendetsanso disiki yaikulu yosunga zolemba, ndi zina zimene angadzawonjezere m'tsogolo. Ndinalankhula za chitukuko mpaka thukuta kutsika. Kenaka amalume, amene satsegula pakamwa pa misonkhano, anakweza dzanja.

"Tigule laling'onolo. Makina si mwana ayi, sakula."

Achemwali, ndikanangokhala chete, komiti ikanasankhabe lalikulu. Koma ndinaimirira.

"Che Maulidi," ndinatero, osati amalume ayi, "kodi si inu amene munandigulira kabudula wopyola mawondo ndili Sitandade 1, n'kumati udzakuliramo? Mwayamba liti kuopa zazikulu? Dziko lino silingadikire anthu okonda fumbi la m'mafayilo."

Anthu anaseka. Amalume nawonso anaseka pang'ono, nakonza kofia yawo.

"Wakuliramodi," anatero.

Bokosi lalikulu linabwera, ndinaliika ndekha, ndipo likugwira ntchito bwino lomwe. Ndili pakati pomanga, a Eneya anandigwira paphewa.

"Watithandiza, mnyamata. Disiki ija ikafika mu Epulo, mafayilo onse alowa m'menemu, madala aja akapume. Ndinawauza kale mu Disembala kuti makinawa akangokula, mpando wawo watha."

Ndiye kuti amalume ankadziwa. Pondiperekeza paja ankadziwa, ponditamanda panjira ponse paja ankadziwanso. Anangopempha kamodzi kokha, m'mawu a makina, ndipo ine ndinawayankha ndi kabudula amene anandigulira okha.

Sindikunena kuti ndinalakwitsa pa mawati. Ngakhale lero ndingasankhe lomwelo, ndipo ndakhala ndikudziuza zimenezi m'kalasi, m'basi, ngakhale kumzikiti. Koma sizikundithandiza kudutsa pakhomo paja.

Dzulo ndapeza amayi atandisungira phukusi. M'kati mwake munali jekete lakuda lija limene amalume amavala ku ofesi. Akuti ndidzavale tsiku lolandira digiri, chifukwa iwo sadzalifunanso. Amayi sakudziwa chifukwa chake, angoti alongo awo amandikonda kwambiri. Chonde musawauze, ndidzawauza ndekha ndikapeza pakamwa.

Pempho langa ndi ili. Alamu amadziwana ndi anthu ambiri a masitolo ndi maofesi. Awafunse ngati pali pena pamene akufuna kalaliki wolemba bwino, wosachedwa ku ntchito, amene sanatayepo pepala la munthu. Zaka za amalumewo asatchule msanga. Ndiponso inu, amene munakula nawo pafupi kuposa ine, mundilembere mawu oyambira ndikakagogoda. Ine mawu otsutsira ndili nawo ambiri, koma oterewa sanatiphunzitse.

Mupereke moni kwa alamu, kwa Sakina ndi Hassani. Amayi akupereka moni. Amalume nawonso akanapereka, koma sindinapite kukawafunsa.

Jekete lija ndaliyesa. Manja ake akubisa zala zanga zonse.

Ndine mlongo wanu,
Alaudin