Alamu Anu Abwera pa Wilibala

Katondo, Kabwe

Okondedwa akulu anga,

Muli bwanji ku Petauke, inu ndi ana? Kuno tili bwino, kupatula alamu anu a Sitefano, amuna anga aja anandithawa mpira utawatchukitsa.

Abwerera. Mkazi wawo wa ku Mukobeko anadzawatula pakhomo panga pa wilibala, atafa ziwalo mbali imodzi. Kukamwa kunapotoka, dovu limangoyenderera mpaka pachifuwa. Ansembe akuti ukwati wa mphete sutha, ndiwasamale.

Ndikuwasamaladi. Lamulungu ndinawaveka jezi ya timu ya kumgodi imene ankasewerera ija, n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu umene anthu amadzera popita kubwalo la mpira. Mpira ndinawaikira paphazi. Ndinati, "Adyetseni njomba anthuwa, monga munkachitira masiku amene ine ndinkagona ndi njala." Phazi linangonjenjemera. Amene ankawanyamula pamapewa aja anadutsa akuyang'ana kumbali. Alamu anuwo anayamba kulira, ndipo misozi ndi dovu ndinapukuta ndi jezi yomweyo.

Muwauze apongozi anga abwere adzaone katswiri wawo. Munditumizireko mtedza.

Mulungu akusungeni, ndipo a Sitefano awapatse moyo wautali.

Ine mng'ono wanu,
Esinati