Muzu Uli kwa Alamu

Lolemba, 4 Malichi
Alamu ayambanso. Ntchito ndinawapezera ndine, mlongo wanga atandilirira, lero akundiphunzitsa netiweki pamaso pa Bwana. Maofesi athu onse akufunika kuonana pa vidiyo Lachisanu. Bwana ati amene njira yake igwire atsala kulikulu kuno, winayo apita ku ofesi yakumalire. Ine ndiye ndikakhale kumeneko? Asa!

Lachiwiri, 5 Malichi
Vuto ndi lomwe lija. Swichi, makina olumikiza maofesi athu, imaduladula uthenga kukhala tizidutswa topanda dzina la wotumiza. Awiri akatumiza panjira imodzi tizidutswato timasakanikirana, wolandira sangatilumikizenso. Ndayesa, chithunzi chinangoima Bwana ali kukamwa yasa.

Ine ndati ofesi iliyonse ikhale muzu, ikhale ndi njira yakeyake yofika kwa onse. Alamu akuti zonse zizidzera pa kompyuta yaikulu imodzi, seva, iyo izigawa. Seva yawo, m'chipinda chawo. Ndawadziwa.

Lachitatu, 6 Malichi
Yawoyo imachedwa! Munthu watseka kale pakamwa, mawu ndiye akufika. Ndaseka mpaka misozi. Iwo ati: "Koma alamu, swichi yakaleyo isenza njira zonsezo?" Ndati asamale zawo.

Mlongo wanga waimba kawiri. Sindinayankhe.

Lachisanu, 8 Malichi
Tinayamba ndi njira yanga. Maofesi oyamba analowa bwinobwino, ine mapewa m'mwamba. Kenaka swichi inakana, njira zatha. Maofesi otsalawo mdima bii, mafoni ali ngiringiri. Alamu anadikira kaye, dala, manja m'thumba, kuti aliyense aone thukuta langa. Ndiye n'kuyatsa seva yawo. Mawu ochedwa omwe aja, koma onse anamva.

Bwana sanandiyang'ane n'komwe. Potuluka alamu anandisisita paphewa, ati "zimachitika". Ndimadana naye munthu ameneyu, ndipo andichotsere dzanja lakelo.

Loweruka, 9 Malichi
Kulongedza. Ketulo ndi yanga, ndatenga.

Lachinayi, 21 Malichi
Kumalire. Kachipinda kafumbi, fani yolira ngati chigayo. Kuno ndine tsamba chabe, ndipo tsamba silidzilowetsa lokha pamsonkhano, limadikira muzu uliitane. Muzu uli kwa alamu.

Msonkhano wayamba, sikirini yathu yakuda, antchito onse maso pa ine. Ndinagwira foni, kuiika pansi, kuigwiranso. Ndinaimba.

"Alamu, mutilowetseko."

Ndinamva akumwa tiyi kaye.

"Pepani, ofesi iti imeneyo?"