Mawanga pa Maluwa a Madamu ndi Maso a Amalume

Namiwawa,
Blantyre.

Okondedwa amayi,

Ndine Goliati wanu, uja munamupatsa dzina lalikulu koma msinkhu n'kuiwala. Muli bwanji ku Nkhulambeko? Bondo lija lasiya kuvuta, kapena mukupitabe nalo kumunda mozemba? Ine kuno ndili bwino, ndanenepako moti lamba ndaboola bowo lina. Lenia, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi, ndiye usamaseke zilembo zanga. Sukulu ndinaisiya panjira, koma nkhaniyi ndi yofunika.

Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Ine ndi amalume a Makina timagona chipinda chimodzi, ndipo makutu awo amamva ngakhale munthu ukunong'ona kuseri kwa bafa. Nkhani yake ndi ya iwowo. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Migowi.

Payadi pomwe timagwira ntchito pali maluwa ena amati ayirisi. Masamba ake ndi aatali osongoka ngati mpeni, pansi amakhala ndi timizu tonenepa ngati jinja. Sadyedwa, ndinafunsa tsiku loyamba. Anabzala ndi malemu amuna awo a madamu eni nyumba, ndipo madamu akufuna kuti mu Sepitembala, pokaonetsa chiliza, akaike maluwa amenewa pamanda. Ndiye bedi limenelo si loseweretsa.

Chiperoni itayamba, masamba anayamba kutuluka mawanga, timadontho tofiirira tozunguliridwa ndi chikasu, ngati aja amagwira mtedza. Kenako tsamba lonse n'kumauma kuyambira kunsonga. Nditawauza amalume anati ndi fumbi chabe, ndisamalongolole. Zitanyanya, anachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Mukukumbuka alangizi aja anatiuza kuti zinyalala tisamatenthe, tiziphimbira nazo nthaka? Amalume anamweta masamba ouma onse n'kuyala patsinde pa maluwa omwewo, anaonjezera udzu wa pakapinga, n'kumathirira ndi payipi kuchokera pamwamba madzulo aliwonse. Anagwira ndi mtima wonse amayi, mpaka msana kuwawa. Bedi linaoneka ngati munda wachitsanzo, koma mawanga anafalikira ponseponse.

Ndinathothola tsamba limodzi n'kupita nalo kusitolo ya mankhwala a mbewu ku Limbe. Kumeneko kuli mtsikana wina dzina lake Praise, ndikanakuuzani zambiri za iye koma Lenia sasunga chinsinsi. Anandiuza kuti matendawa ndi mtundu wa nkhungu yomwe imabisala m'masamba akufa, ndipo madzi akamagwerapo imadumphira pa amoyo. Ndiye kuti ife matenda tinkawadyetsa ngati nkhumba yokagulitsa. Anati masamba odwala tidule n'kutentha, pansi tisese kuti tsinde liziona dzuwa, madzi tizithira pansi m'mawa osanyowetsa masamba, ndipo pothithikana tipatulire kuti mphepo izidutsa. Mankhwala opopera anandipatsa, koma anati popanda zinazo angopita pachabe. Ndinamufunsa ngati ali ndi mankhwala a mtima wa mnyamata wa ku Phalombe, anati amenewo ndikafunse kwa a vetenale.

Ndisanayambe n'komwe ntchitoyo, kunatulukira a Micheal, mwana wa madamu, amene amakhala ku Lilongwe. Ataona maluwa a bambo awo ali choncho anapsa mtima. Anafunsa kuti waunjika zinyalalazi ndani, ndipo anati ameneyo alongedze. Amalume anali atavula chipewa, akuyang'ana pansi. Ndinaganiza za zaka zonse akhala payadi pano ndi ana awo ali pasukulu aja. Pakamwa panga paja mumati padzandiphetsa panatseguka pokha. Ndinati ndine, ndimafuna kuwaonetsa anthu a m'tauni ulimi wa kwathu. A Micheal sanaseke. Madamu ndi amene anati ndikhale kaye mpaka chiliza, maluwa akapanda kuphuka tidzakambirana.

Tsiku lodula masamba ndi pamene ndinaona vuto lenileni. Amalume ankadula masamba abwinobwino, odwala n'kumawasiya. Kenako ndinawaona akusisita tsamba ndi zala, kufuna kumva mawanga ndi manja. Amayi, alongo anu sakuona. Fumbi ankanena lija linali m'maso mwawo. Diso lakumanja layera ngati mwagwera mkaka, lakumanzere layambanso. Yadi yonseyi amangoiyenda pamtima, n'chifukwa chake palibe anazindikira, ngakhale ine wogona nawo chipinda chimodzi.

Madamu anandiitanira kukhonde n'kundiuza kuti anaona pawindo amene anaphimbira maluwa, ndisamanamize munthu wamkulu. Koma sanakwiye. Nditawauza za maso a amalume, anati imeneyo ndi ng'ala ndipo imachotsedwa, mchemwali wawo anamuchotsa ndipo pano amalowetsa yekha ulusi pasingano. Ndi okonzeka kuwatengera amalume kuchipatala cha maso pagalimoto yawo. Koma anandichenjeza kuti a Micheal akadzabwera kuchiliza n'kupeza kuti wosamalira maluwa saona, iwo sadzatha kuwaikira kumbuyo, chifukwa panyumba pano mawu omaliza ndi a Micheal.

Amalume akukana. Poyamba anati maso awo ali bwinobwino. Nditawapanikiza anati anamva kuti madokotala amatulutsa diso n'kuliika m'mbale. Ndinawauza kuti ngati n'choncho ine ndikagwira mbaleyo kuti lisagubuduke. Anandigenda ndi nsapato, inakamenya wilibala. Sindinaseke amayi. Inu mukudziwa kuti kale sankaphonya.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu akulu awo, munawabereka kumbuyo ali khanda, ndipo padziko pano amaopa inu nokha. Musanayambe kukolola nandolo, kwerani minibasi mubwere, mudzawagwire dzanja kupita nawo kuchipatala. Pafoni angokuyankhani kuti eya, eya, n'kuzimitsa. Musadzanene kuti ndakulemberani. Mudzati mwabwera kudzaona ngati ndikumasamba, akhulupirira.

Maluwa aja akuchira. Zinyalala zonse ndinatentha, ngakhale amalume anaima chapatali akudandaula kuti ndikuotcha manyowa. Pakati pa zitsinde patuluka timasamba tatsopano topanda banga. Dzulo m'mawa ndikuthirira, amalume anagwada n'kugwira katsamba kamodzi, ndiye anandifunsa chapansipansi ngati kali kobiriwira. Ndinati eya. Kenako anati akanakonda kudzaona okha tsiku lophukalo. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Bwerani asanawabweze.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono, kwa alamu ndi ana onse a achemwali. Akazi a amalume muwapatse moni wokha, zinazi muwauza inu mukaona nthawi yake. Lenia, mbuzi yanga ija uziidyetsa, ndimaiwerenga miyendo m'maloto. Ili si pempho lachiwiri amayi, koma chikwama chanu chikabwera chopanda nyemba za kalongonda pageti sinditsegula.

Ndine mwana wanu, amene pakali pano maso ake akugwira ntchito ya anthu awiri,

Goliati