Chala Chanu pa Buledi wa Rozalina

Amayi, kodi kumeneko muliko bwanji? Ndikufunsa mwa mwambo chabe, poti masiku ano zikuoneka kuti simukukhalitsako. Koma zimenezo ndifikako. Ndiyambe ndi za amoyo.

Kuno ku Tete kukutentha monga munakusiyira. Dzuwa lokha ndiye silinasaine nawo mtendere. Malole akuwoloka pamlatho popanda asilikali owaperekeza, ndipo aliyense amene ali ndi wilibala akudzitcha womanga dziko. Mkazi wa mng'ono wanga Zakariya anachira, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo akamakuyang'ana amachita ngati akukudziwira mlandu. Ku Angónia a malume Mateyu akolola mbatatesi zambiri m'munda uja anachotsamo mabomba. Mbuzi yanu ya mawanga inadya ngodya ya dipuloma yanga ya ku Maputo, ndipo mpaka lero ndi yokhayo imene yapindulapo nayo.

Ku Canongola, m'tauni momwemuno, atsegula sukulu ya ntchito zamanja, ya ife othawa nkhondo obwerera kwathu ndi anyamata otula mfuti. Mlongo wanga Rozalina akuphunzira kuphika buledi, pau monga amanenera kuno. Mukudziwa kuti mwamuna wake sanabwereko kunkhondo, ndipo ana awiri aja sadya chipepeso. Zakariya yekha anasankha kuyang'anira zomangamanga. Musaganize kuti amagwira njerwa. Iye amaima kumbuyo kwa munthu wogwira njerwa, n'kumamuuza kuti akuchedwa. Anamupatsa chipewa cholimba chachikasu, ndipo amapita nacho ngakhale kuchimbudzi.

Tsopano za njerwa zanu. Titabwera kuchokera ku Malawi munaziumba nokha ndi dothi la m'dambo lathu lino la Nhartanda, n'kuziotcha, kuti mumange nyumba. Munkati, "Ndagona m'lona mokwanira. Mvula ikagwa ndikufuna ndiziimva ikugwera panja, ine ndili m'nyumba." Matenda anakutengani maziko asanakumbidwe. Pamaliro anu, a malume anagamula kuti njerwazo zidzamange chiliza chanu, popeza nyumba yanu tsopano ndi imeneyo. Tinaziunjika kuseri kudikira simenti, n'kuzifunditsa lona lomwe lija munkadana nalo.

Ndiye kusukulu anamuphunzitsa Zakariya kuti zipangizo siziyenera kungokhala. Ntchito imene yakonzeka izitenga zomwe zilipo, inayo idzabwezeredwa ikafika nthawi yake. Phunziro labwino, ndipo m'kalasi anakhoza. Rozalina ankasowa uvuni wakewake, chifukwa wa kusukulu amaulimbirana anthu ambiri, munthu amatha sabata osaugwira. Zakariya anayang'ana mlongo wake, anayang'ana mulu wa njerwa, anakonza chipewa. Ndikubwera kuntchito ndinapeza uvuni utaima kuseri, wozungulira bwino, wa chitseko chachitsulo. Nditamufunsa Zakariya, akuti sanabe ayi, wangosintha ndondomeko ya ntchito, ndipo mwini chiliza sali pa changu.

Amayi, mukanamva mmene ananenera. Ngati mkulu wa boma potsegula mjigo.

Buledi woyamba anatuluka wofiirira bwino, fungo lake mpaka kumsewu. Koma aliyense anali ndi kadzenje pamwamba, ngati wina wamudinikiza ndi chala. Rozalina anati ndi moto. Mphunzitsi wake anati ndi zotupitsa. Ine, poti munandigulitsira nkhuku kuti ndiphunzire, ndinafotokoza za nthunzi ndi mpweya kwa nthawi yaitali, ndipo onse anandimvetsera mwaulemu. Kenako ndinatenga mmodzi n'kupita naye padzuwa. Pakati pa kadzenjeko panali kamzere kopyapyala, kokhota pang'ono. Ndinayang'ana wina, komweko. Wina, komweko.

Ndi chikhadabo chanu, amayi. Cha chala chachikulu cha kumanzere, chija chinang'ambika ndi chitseko cha lole imene inatibweza kuno, chimene sichinalumikizanenso mpaka tinakuikani.

Ndinakumbuka mmene munkagulira pau pamsika. Munkayenda m'mbali mwa thebulo, mukudinikiza mmodzimmodzi, wogulitsa akukuonani ngati akuona dzombe likulowa m'munda. Munkandiuza kuti, "Wabwino amadzuka ukamudinikiza. Akagona pomwepo, msiyire mwini wake." Ndiye munkapitirira osatembenuka, ine m'mbuyo ndikupepesa ndi maso.

Sindinafune kukhulupirira msanga. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinaima pambali pa Rozalina kuyambira pokanda mpaka polowetsa. Mabuledi analowa osalala ngati mutu wa khanda. Chitseko ndinatseka ndekha, n'kumata ndi matope m'mbali monse, ndipo sindinasunthe. Palibe anayandikira. Nkhuku zomwe zinasiya kale kudutsa kumeneko. Mphepo kunalibe, koma pakati pa fungo la buledi ndinamva fungo la fodya wanu wa m'mphuno, lomvekeratu, moti ndinayetsemula. Kamwana ka dzina lanu kanali kumsana kwa mayi ake. Kanatembenuza mutu, kanayang'ana pambali pa uvuni pomwe panalibe munthu, n'kutambasula manja kuti kanyamulidwe.

Titatsegula, onse anali ndi chala chanu.

Nkhani siinachedwe. Anansi athu Achinyungwe anayamba kumutcha pau wa mzimu, ndipo ogula anatha. Tinkadya tokha, m'mawa ndi madzulo, aliyense akusiya mbali ya kadzenje pambale. Zakariya anavula chipewa, koyamba chilandirireni. Kenako a malume anamva, natsika pa lole ya mbatatesi atanyamula hamala. Akuti mchemwali wawo akuyendayenda chifukwa wamanidwa nyumba kawiri, ali moyo ndi atafa. Akuti uvuni ugwe, njerwa zibwerere kumanda, tifulule mowa wopepesa. Atandifunsa maganizo anga, ndinapeza kuti ku yunivesite phunziro limeneli ndinajomba.

Uvuni ukanagwa, ntchito ya Rozalina ikanathera pomwepo. Mayeso ali pafupi, ndipo nkhani ya pau wa mzimu ikanamutsatira kulikonse. Koma iye anagwada pamaso pa a malume, n'kunena modekha kuti amayi sanakwiyire njerwa, akukana buledi. Akuti munthu wolandidwa nyumba sabwera kudzadinikiza pau, amabwera kudzagwetsa. Akuti inu mukuchita zomwe munkachita pamsika, ndipo iye wakhala akukanda mothamanga, mwana wina akulira uku, madzi akutha uko, n'kulowetsa mtanda usanatupe mokwanira. Anapempha aphike kamodzi kokha, hamala idikire.

M'mawa mwake ana tinawatumiza kwa anansi. Rozalina anakanda mpaka thukuta linamutsika m'zigongono, anafunditsa mtanda, n'kukhala pansi kuudikira ngati akulondera wodwala. A malume anakhala pampando, hamala ili pamiyendo. Ngakhale mbuzi inasiya kutafuna.

Chitseko chitatseguka, anatulutsa chitsulo chophikira n'kuchiika pamwala. Timaenje tinali pomwepo, amayi, pa buledi aliyense. Rozalina anangotsitsa manja. A malume anadzuka, nagwira bwino hamala.

Ndiye kadzenje ka buledi woyamba kanayamba kukwera, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba panasalala. Kenako wachiwiri. Kenako wotsatira. Zinkayenda motsata mzere, pa liwiro la munthu wamkulu woyenda m'mbali mwa thebulo. Maso athu anatsatira mpaka kumapeto, kumanzere. Kumeneko kunalibe buledi. Panali malo ake okha, ozungulira, ufa utachita mkombero, nthunzi ikukwerabe.

A malume anaika hamala pansi, navula chipewa. Anayang'ana malowo nthawi yaitali. Kenako anangoti mchemwali wawo chiyambire ali mwana amakonda cha kumapeto.

Motero uvuni ulipo, amayi. Ogula abwerera, ena mwamantha, ena chifukwa pau wake ndi wabwinodi; inu nomwe mwavomereza, ndipo simunavomerezepo chinthu changa n'chimodzi chomwe. Zakariya akuumba njerwa zina ndi manja ake, matope mpaka m'maondo, wopanda womuyang'anira kupatula ine. Ndikumuuza kuti akuchedwa.

Ndili ndi pempho limodzi. Mayeso a Rozalina ndi sabata yamawa, kusukulu kuja. Oyesawo ndi anthu a mataye, mitima yawo ndi yofooka. Musapiteko. Msiyeni aphike yekha, manja ake akwana. Mukafuna wanu bwerani kuno kunyumba. Wa kumapeto kumanzere sitikumugulitsanso, ndipo Rozalina akumaika kapu ya tiyi pamwala kuti musadye chouma.

Chiliza chanu chidzaima mvula isanagwe, ndikulonjeza. Madzi osakanizira simenti ndidzatunga ndine, anthu aone kuti sukulu siinandiphe mikono. Lona lija ndalitentha dzulo. Mvula ya chaka chino mudzaimva ikugwera panja, inu muli m'nyumba yanu.

Ndine wanu wokukondani, woyetsemula uja,

Alberto