Ndinawalizira Belu Abambo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi kamtsikana kaja chifuwa chinakasiya? Kuno tikudzuka ndithu. Abambo miyendo ikuwavutabe kukazizira, koma akuyenda. Ndachita kulemba chifukwa ndikaimba foni mumangoti muli pa ntchito mundiimbira, ndiye kuimbako mpaka lero.

Mukudziwa kuti ku laibulale anandipatsa ntchito yoyendetsa misonkhano ya mbiri ya dera lathu. Kamodzi pa mwezi anthu amadzaza kaholo kakuseri kaja, amakambirana zakale, ine n'kumajambula mawu awo kuti asungidwe. Kuti zifike pamenepa ndinachita kulimbana ndi abwana anga, amene tonse timawatcha a Tidzaona chifukwa ndilo yankho lawo pa chilichonse. Iwo ankafuna tiziitana akuluakulu a m'maofesi kudzawerenga mapepala omwe sanalembe okha. Ine ndinawauza kuti sindinavutike ndi sukulu zaka zonse zija kuti ndizidzaombera m'manja anthu oyasamulitsa.

Ndinapambana, koma ndinadziputira vuto lina. Achikulire akagwira maikolofoni samabweza. Munthu mwamufunsa za mlatho, iye ayambira kwa agogo ake. Achinyamata omwe ndinachita kuwanyengerera kuti abwere ankatuluka mmodzimmodzi ngati akupita kuchimbudzi, osabweranso. Ndiye ndinatenga kabelu ka pa desiki yobwerekera mabuku n'kukhazikitsa lamulo loti aliyense mphindi zisanu, belu likalira wina alankhule.

Mwezi uno mutu unali fakitale ya nsalu, poti akuigwetsa kumapeto kwa mwezi wamawa kuti amangepo mashopu. Ndinaitana omwe ankagwiramo ntchito, abambo athu ali m'gulu lomwelo. Sindinkayembekeza kuti avomera. Anavomera, mpaka anapititsa jekete lawo lakuda kochapitsa.

Poyamba zinayenda ngati madzi. Mayi wina yemwe ankayendetsa makina oluka anauza kapitawo wakale pamaso pa anthu kuti wotchi ya pageti ankaibweza dala kuti anthu aweruke mochedwa. Kapitawoyo anati wotchiyo inali yokalamba ngati iye, inkangotopa yokha. Holo yonse inafa ndi phwete. Mumtima ndinati kukambirana komwe ndinkafuna ndi kumeneku.

Kenako abambo anaimirira. Achimwene, mumawadziwa. Anayambira pa nsapato zomwe anabwereka kwa mnzawo tsiku loyamba ntchito, mmene zinkawathinira. Anafika pageti. Anafotokoza fungo la utoto wa nsalu, ndi mmene ubuluu unkakanirira m'zikhadabo ngakhale utasamba ndi mwala. Kenako anati tsiku lina anawatuma kukasiya mpukutu wa nsalu m'chipinda cham'mwamba, ndipo anayamba kukwera masitepe. Ndikunena zoona, anatikweza sitepe iliyonse. Nthawi yawo inali itatha kalekale, anyamata kumbuyo atayamba kukanda mafoni, a Tidzaona akundiyang'ana ndi diso loti suja unkati uli ndi lamulo.

Abambo atangoti anafika pakhomo la chipinda cha osoka, ine ndinaliza belu.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Anati, “Zikomo, a tcheyamani,” n'kupereka maikolofoni kwa wina. Anakhala mpaka msonkhano kutha, chipewa chili pa bondo, ndipo kunyumba anabwerera okha osandidikira.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muno ine ndine a tcheyamani. Mwadzuka bwanji a tcheyamani, kodi a tcheyamani alola kuti nditsegule wailesi. Akafuna mchere amafunsa kaye ngati nthawi yawo ilipo. Kupatula zimenezi, palibenso china chomwe amandiyankhula.

Ine ndinaumirira kuti sindinalakwe. Lamulo linali la aliyense. Ndikanawasiya, kapitawo uja akanalengeza tauni yonse kuti mwana wakondera bambo ake. Ndinawauza zomwezi azakhali atabwera kudzationa. Iwo anaseka n'kunena kuti za ine sadabwa, ndinabadwa anamwino asanamalize n'kusamba m'manja komwe. Kenako anasiya kuseka, anandikokera kukhitchini n'kundifunsa ngati ndikudziwa yemwe ankagwira ntchito m'chipinda cha osoka.

Ndimadziwa, Achimwene. Inunso mumadziwa. Amayi. Koma pa nthawi ija maso anga anali pa wotchi ndi pa mipando yakumbuyo, ndipo sizinandifike m'mutu.

Azakhali akuti tsiku la mpukutu wa nsalulo ndi lomwe abambo anawaona amayi koyamba. Akuti sabata yonse msonkhano usanachitike abambo ankapita kwa azakhaliwo kukayeserera zoti adzanene, ndipo nkhaniyo inkati ikafika pakhomo paja mawu ankawathera. Tsiku la msonkhanolo anali atalimba mtima kuti nkhaniyo alowa nayo m'chipindamo. Ine ndine mboni kuti chimwalirireni amayi, abambo sanatchulepo za iwo ngakhale kamodzi. Ine mpaka pano sindidziwa kuti anthu awiriwa anayambana bwanji. Ndajambula mawu a anthu ambirimbiri osawadziwa, koma a m'nyumba mwanga momwe ndinawadula pakamwa.

Komabe nawonso abambo amatopetsa. Bwanji osandinong'oneza kuti mwanawe, lero ndikufuna nthawi yambiri? Bwanji kuyambira pa nsapato? Munthu uli ndi nkhani yotere, n'kuthera nthawi yonse pa masitepe.

Ndinapepesa. Ndinagwada pabalaza ngati kamwana koswa kapu. Anangoti palibe mlandu, a tcheyamani anagwira ntchito yawo. Ndinathamanga uku ndi uku mpaka eni malo analola kuti msonkhano wotsatira tikachitire m'fakitale momwemo asanaigwetse, ndipo a Tidzaona kwa nthawi yoyamba anati inde. Ndinauza abambo kuti madzulo onsewo ndi awo okha, alankhule mpaka atope. Anakana. Anati pagulu anayesa kamodzi, zakwana.

Dzulo ndi pomwe anandiitana ali pakhonde, ndipo sanati a tcheyamani, anati iwe. Mawu awo ndiwalemba mmene anawanenera kuti musati ndawonjezera: “Ndikamalizira pakhomo pomwe paja, tili atatu, ine ndi iwe ndi mchimwene wako. Makina ako ojambulira usiye. Nkhaniyi sindinena kawiri.”

Ndinawachonderera kuti tikuimbireni foni muzimvera muli komweko. Anati mayi anu sanawaonere pa foni.

Ndiye nkhani yafika kwa inu. Msonkhano wanga wa m'fakitale utsala wopanda mlendo wamkulu, ndipo sindinama, zikundiwawa, chifukwa ndinaukhetsera thukuta. Koma zimenezo ndithana nazo ndekha. Chomwe sindingathe ndekha n'kukhala ana awiri. Mlonda wa pamalopo wavomera kutitsegulira Loweruka lililonse lomwe tingasankhe, koma mwezi wamawa ukatha sipadzakhalanso khomo loti abambo aimepo. Ndipo mukuwadziwa, likagwa khomolo adzangoti basi, zinapita ndi fumbi.

Chiikireni maliro a amayi simunapondeko kuno. Sindikukuzengani mlandu, ndikudziwa kuti nyumba ino imakulemerani. Koma pemphani tchuthi, ngakhale cha masiku awiri okha. Musandiyankhe kuti muona. Ameneyo ndili naye kale kuntchito.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikubwerekani pang'ono chabe ndipo ndikubwezani. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali akupereka moni, akuti mubwere ndi nsapato zosathina chifukwa masitepewo ndi ambiri. Mulungu akusungeni ndipo akufikitseni kuno fakitale ikadali chiimire.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira, ngakhale kudikira sakutha.