Njinga zinayi kumbuyo, bwato padenga

Lawrence, Indianapolis
17 Julaye 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Nanga bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kwa ku Mponelako? Ife kuno tilipo, kungoti kukutentha zedi. Mdzukulu wanu Mwaiwathu wakwanitsa zaka ziwiri, akuthamanga nyumba yonse. Ntchito yanga ndi yomwe ija yopakira katundu m'mathiraki.

Kalatayi ndapatsira mayi Magdalene a kutchalitchi kwathu, amene akubwera kumudziko. Pa foni sindikanatha, chifukwa inu mumayika mokweza ndipo aliyense pakhomo amamva. Ndikudziwa kuti nkhani yafika kale kwa a Alufeyo, ankhoswe a kwawo kwa mpongozi wanu Chrissie, yoti ndinanyoza alamu anga a Kenan pamaso pa ana awo. Imvani mbali yanga.

A Kenan mukuwadziwa, achimwene ake a Chrissie aja amaphunzitsa ku yunivesite ku South Bend. Chaka chino agula kalavani. Ndi kanyumba ka mateyala awiri kokoka ndi galimoto, m'kati muli bedi ndi mophikira. Ntchito yake ndi yoti munthu asiye nyumba yabwinobwino ya magetsi, akagone kutchire, akalumidwe ndi udzudzu, akaphike pa nkhuni. Amati kukempa. Zimene ife tinkathawa kumudzi, anzathu ophunzira akuchita kuzipangira pulogalamu. Atatiitana kuti tipite nawo, ine sindinatsutse, poti Chrissie anali asanapumeko chaka chonse ku ntchito yake yosamalira okalamba, ndipo ulendowu ankauwerengera masiku.

Loweruka la pa 2 anafika pakhomo pathu cha m'ma teni m'mawa kudzatitenga. Bambo inu, mukanaona. Kumbuyo kwenikweni kwa kalavani anamangirirako chitsulo, n'kukolekapo njinga zinayi, ziwiri zazikulu, ziwiri za ana. M'kati, kumbuyo komweko, anaunjika mabokosi a ayisi, makala ndi madzi akumwa. Padenga pa galimoto panali bwato lofiira lotalika kuposa galimotoyo, lomangidwa ndi tizingwe totamuka ta ngowe, toti ngakhale wakabaza wa pa Mponela sangamangire nato thumba la chimanga. Mphuno ya bwato sanaimange n'komwe. Nditaikankha ndi dzanja inadumpha ngati pa sipuling'i. Mchira wake unatsala pang'ono kugunda kalavani, moti pa kona yothina zikanaombana basi.

Akazi awo, a Belinda, pondilandira chikwama anandinong'oneza kuti chakufupi ndi Kokomo thiraki itawapitirira, kalavani inayamba kuvina uku ndi uku, ana mpaka kukuwa. Ananena akuseka.

Pamenepo ndinakumbukira tsiku lija munandimenya khofi pa msewu wa ku Madisi, nditaunjika mabelo a fodya kumbuyo kwa ngolo. Mtengo wokokera unanyamuka, goli n'kuzikoka ng'ombe pakhosi, ng'ombe yathu ija Bantomu mpaka kugwada. Munandiuza kuti katundu wolemera amakhala pamwamba pa mateyala ndi kutsogolo pang'ono, kuti mtengo uzitsamira pansi. Kuntchito kuno azungu amatiphunzitsa zomwezo, kungoti iwo amajambula pa pepala.

Ndiye ndinapempha alamu mwaulemu kuti timasule kalavani pa galimoto, ndiyese. Chitsulo chokokera cha kutsogolo kwa kalavani, chimene chimayenera kulemera moti munthu mmodzi avutike nacho, ndinachinyamula ndi dzanja limodzi ngati ndowa yopanda madzi. Ndinawauza kuti andipatse mphindi makumi awiri zokha: njinga zilowe m'kati kutsogolo, mabokosi asunthe, bwato ndilimange ndi malamba anga awiri a olenji akuntchito, ndi chingwe ku mphuno ndi kumchira.

Anandiseka. Anati chitsulo cha njingacho anachigula pa intaneti ndipo anthu mazana anachipatsa nyenyezi zisanu. Anati anaonera mavidiyo atatu. Anati ayenda kale mtunda wonse kuchokera ku South Bend osafa. Kenaka anatembenukira ku Chingerezi, chija amalankhula akafuna kuti ndikumbuke kuti ndinalekeza Sitandade 7, n'kunena kuti kuno ndi ku America, si ku Mponela, za ngolo ndizisiye kumudzi. Munthu wa madigiri atatu, Bambo, koma sadziwa kuti chinthu cha mateyala awiri ukachilemetsa kumbuyo, kutsogolo kumanyamuka. Ana a pulayimale amadziwa zimenezi pa katungwe wa thabwa.

Sindinakangane nawo. Ndinatsegula chitseko, ndinamasula kampando ka Mwai kamene Chrissie anali atamanga kale m'galimoto mwawo, ndinakabwezera m'nyumba. Ndinati mwana wanga sakwera.

Apa ndiye mumve. Munthu yemwe uja wangondiuza kuti za kumudzi ndizisiye, anasintha nthawi yomweyo. Anati iwo ndi atsibweni ake a mwanayo, eni mbumba, ine ndine mkamwini chabe, sindingakanize mwana wa mlongo wawo. Eti pa katundu tili ku America, pa mwana tabwerera ku Dowa! Mtima unandipsa. Ndinawauza kuti ng'ombe za bambo anga sizinapite ku yunivesite koma zimadziwa ngolo yopakiridwa ndi chitsiru. Mawu amenewo ndinanenadi, sindikana, ndipo ana awo anamva.

Ananyamuka okha. Galimoto isanatuluke pageti ndinaponya malamba anga aja m'kati mwa kalavani, a Belinda akuona. Chrissie anatsala chifukwa sakanasiya mwana, koma analira, ndipo masiku atatu sanandilankhule. Ine usana wonse umenewo maso anali pa foni, kuopa kumva zoipa za ana awo aja. Sindinadye.

Palibe chinachitika. Anapita, anabwerako bwinobwino, n'kuimba foni kumudzi kuti ndine wamwano komanso wamantha. Akuti ndipepese pamaso pa ankhoswe pa foni, ndivomerenso kuti mawu omaliza pa Mwai ndi awo. Apo ayi, pakhomo pawo ndisapondepo.

Lachitatu Chrissie anandiponyera foni pamwendo kuti ndione zimene ndamumanitsa. Zinali zithunzi zimene a Belinda anayika pa gulu la banja la pa foni. Ena ankaona nyama yootcha ndi ana akupalasa bwato. Ine ndinaima pa chithunzi choyamba, chimene anajambula popita, pamalo omwetsera mafuta kungotuluka mu Indianapolis. Chitsulo cha nyenyezi zisanu chija chili mbee, chopanda njinga ngakhale imodzi. Bwato lamangidwa ndi malamba awiri a olenji, ndi chingwe ku mphuno. Ndiye kuti sanayende ngakhale theka la ola, anaima, napakira momwe ndinanenera, pamalo poti mkamwini sakuwaona. Ndinamukulitsira Chrissie chithunzicho. Atachiona anangoti ndi achimwene akebe, ndipepese kuti nkhani ithe.

Pempho langa ndi limodzi, Bambo. A Alufeyo akabwera kudzakamba nkhaniyi, musalimbane nawo pakamwa. Atengereni kuseri kwa khola, ngolo ikhale yopanda ng'ombe, muike matumba atatu kumbuyo kwenikweni, muwauze agwire mtengo wokokera. Ukawanyamula m'manja, muwafunse ngati angakwezemo mdzukulu wawo. Akatero muwauze kuti mawu a chitsiru aja ndipepesa, chifukwa ana sanayenera kumva. Koma za kampando sindipepesa. Ndimalemekeza mwambo, ndipo tsiku la ukwati wa Mwai a Kenan adzakhale kutsogolo, adzalankhule mpaka atope. Koma pa msewu, pomwe thiraki ikudutsa ngati mphepo, mwana ameneyu ndi wanga. Akuti mu Sepitembala kuli ulendo wina. Mwai adzakwera pokhapokha ine nditayesa chitsulo chokokera chija ndi dzanja langa n'kulephera kuchinyamula.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze mankhwala a bondo lanu ali m'chikwama cha mayi Magdalene, aonetsetse kuti mukupaka. Moni kwa achemwali ndi alamu ku Madisi, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wanga Lucious, amene ndamva kuti ndiye akuyendetsa ngolo tsopano. Mumuyang'anire popakira.

Ndine mwana wanu,
Lyson

Ndinaiwala. Malamba anga aja mpaka lero sanabweze. Ngati anali opanda ntchito, a Alufeyo awafunse chimene akuwasungira.